CHENJEZO: Zolengedwazo n'zongopeka, koma mbava zake n'zenizeni

Makolo, aphunzitsi, ndi inu achinyamata amene mumajambula pa foni, pa tabuleti kapena pa kompyuta, tcherani khutu. Pa intaneti pali magulu a ojambula amene amapeka mitundu ya zolengedwa zimene kulibe padziko pano, n'kumazijambula, kuzisinthanitsa ndi kuzigulitsa. Luso limeneli ndi labwino, ndipo sindikulemba kuti wina alisiye. Ndikulemba chifukwa m'magulu amenewa mwalowa akathyali amene akubera ana athu ndalama, ntchito za manja awo ndi maakaunti awo. Ena mwa iwo sakufuna n'komwe ndalama, akufuna mwanayo. Ngati m'nyumba mwanu muli mwana wojambula zinyama zachilendo, ndipo amacheza ndi anthu osawadziwa za zojambula zakezo, musadikire mawa. Khalani naye pansi lero lomwe.

MALONDA AKE AMAYENDA MOTERE

Wojambula amakhala pansi n'kupeka mtundu watsopano. Amasankha thupi lake, chiwerengero cha miyendo, maso ake, chimene umadya, kumene umagona ndi mmene umaberekera. Kenako amajambula chithunzi chachikulu choonetsa cholengedwacho kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, n'kulemba malamulo ake: nyanga izi aliyense angakhale nazo, mapiko awa ndi osowa, mchira uwu ndi wa ochepa okha. Mitundu ina yatchuka moti ili ndi oitsatira m'mayiko ambiri. Pali Sergal umene unapekedwa ndi wojambula wa ku Japan, Protogen wa nkhope yonga sikirini, ndi Dutch Angel Dragon, chinjoka cha mutu wonga wa hatchi ndi mapiko a nthenga.

Mitunduyi ili pawiri. Wotseguka amautcha open species, ndipo aliyense ndi womasuka kujambula chake potsatira malamulo a mwini wake. Wotseka amautcha closed species, ndipo kuti ukhale ndi chako uyenera kugula. Umagula cholengedwa chojambulidwa kale, chimene amachitcha adoptable, kapena umagula chilolezo chojambula chako, chimene amachitcha MYO. Zina amazigulitsa pa okushoni, anthu n'kumapikisana mitengo. Pali za madola ochepa, pali za madola mazanamazana, ndipo zina zimapitirira pamenepo. Zonsezi zimachitikira pa DeviantArt imene inayamba mu 2000, pa Fur Affinity, pa Toyhouse, pa Instagram ndi m'magulu a pa Discord.

Tsono mvetsetsani bwino apa, chifukwa chenjezo lonseli lagona pamenepa. Wogula salandira kanthu kogwirika m'manja. Amalandira fayilo ya chithunzi ndi mawu akuti "ichi n'chako tsopano", mwinanso dzina lake n'kulembedwa m'kaundula wa gulu. Palibe sitolo, palibe mboni yoona ndi maso, ndipo nthawi zambiri palibe amene akudziwa nkhope kapena dzina lenileni la mnzake. Malonda onse aima pa kukhulupirirana basi. Khola lotere fisi savutika nalo.

ZIMENE NDINAONA M'NYUMBA MWATHU

Mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa Fomu 3, amajambula ndi chala pa foni yosweka galasi ya mayi ake. Anatha miyezi akupeka mtundu wake. Anaupatsa mamba a ngaka, makutu ndi maso a changa, ndi mchira wowala kunsonga ngati chiphaniphani. Anautcha Nyalimchira. M'kope la masamu, kumapeto kwake, analembamo kuti zolengedwazi zimagona m'mphako za milambe, zimatuluka mvula yoyamba ikagwa, ndipo zikakalamba nyali yakumchira imasanduka yofiira. Ndinawerenga masamba amenewo ndili chiimire, ndipo ndinadziwa kuti m'banja mwathu muli mmisiri.

Madzulo ena anabwera kwa ine foni ili m'manja, akupuma mofulumira.

"Amalume, ndagulitsa zitatu! Ndalama zafika, koma akuti zatsakamira. Wogulayo anatumiza zambiri molakwitsa, ndiye akuti ndibweze kaye zapamwambazo kuti zanga zituluke. Mungandibwerekeko? Ndikubwezerani zikangotuluka."

Ndinamuuza kuti andionetse uthengawo. Unali ndi chizindikiro cha kampani yotumizira ndalama, mitundu yake yomweyo, Chingerezi chake chosalala. Koma nditadina pa dzina la wotumiza, ndinaona adiresi wamba ya imelo imene aliyense angatsegule kwaulere, ndipo dzina la kampaniyo linali ndi chilembo chimodzi chowonjezera. Panalibe ndalama imene inatumizidwa, ngakhale tambala.

"Mwanawe, zithunzizo wamutumizira kale?"

Anawerama. Anali atatumiza zonse zitatu, zazikulu bwino, zopanda dzina lake. Ndalama zanga zinapulumuka, koma patapita milungu iwiri tinaziona zolengedwa zake zija zikugulitsidwa ndi munthu wina, zitapatsidwa dzina lina. Mwanayo anatha miyezi iwiri osajambula ngakhale mzere umodzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. N'chifukwa chake ndikukuwerengerani misampha imeneyi umodziumodzi.

WOGULA WABODZA

Amabwera ndi matamando. Sakunenerera mtengo, safunsa zambiri za chojambulacho, ndipo ali pachangu. Amapempha imelo yako, kenako kumabwera uthenga wonena kuti ndalama zasungidwa mpaka utalipira kenakake, kapena kuti watumiza zopitirira ndipo ubweze zotsalazo. Dziwani ichi ndipo muchisunge: kampani yoona yotumizira ndalama siuza munthu kuti atumize kaye ndalama kwa mlendo kuti alandire zake. Chithunzi cha risiti si ndalama. Imelo si ndalama. Lowani nokha mu akaunti yanu, osadzera pa linki imene mwatumiziridwa, muone ngati zalowadi.

Palinso wogula amene amalipiradi, n'kulandira chojambula, kenako n'kukadandaula ku banki yake kapena ku kampani yolipirira kuti sanalandire kanthu, kapena kuti khadi lake linabedwa. Ndalama zimabwezedwa kwa iye, chojambula n'kutsala nacho. Pa PayPal madandaulo ena amaloledwa mpaka masiku 180 chilipirireni, choncho munthu angakutembenukire patapita miyezi, iwe ndalamazo utadya kale. Chokupulumutsa ndi umboni: invoice yofotokoza bwino chimene chagulidwa, zokambirana zanu zonse, ndi uthenga umene iye anavomereza kuti walandira.

Achinyamata, PayPal imafuna munthu wa zaka 18 kupita m'tsogolo. Mukanama zaka n'kudziwika, akaunti imatsekedwa ndipo ndalama zimene zili m'menemo zingagwiridwe mpaka masiku 180. Musabwerekenso akaunti ya mnzanu wa pa intaneti amene simunamuonepo kuti azikulandirirani ndalama. Tsiku limene adzasowe, simudzakhala ndi kokadandaula. Ndalama za mwana zidzere m'manja mwa kholo kapena mbale wamkulu wodziwika.

WOGULITSA WABODZA

Msamphawu umagwira amene akufuna kukhala ndi cholengedwa chawo. Pali ogulitsa chojambula chimodzi kwa anthu atatu kapena anayi, aliyense n'kumayesa kuti n'chake yekha. Pali otola zojambula za eni ake, n'kufufuta dzina, kusintha utoto, n'kuika pamsika. Pali oika chithunzi cha wina pansi n'kumadutsitsa cholembera m'mizere yake yomweyo. Ndipo masiku ano achuluka otulutsa zithunzi makumimakumi pa tsiku ndi makina a AI, n'kumanena kuti ajambula ndi manja.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musanalipire, yang'anitsitsani zala, zikhadabo, mano ndi timizere ta zovala, muone ngati zikugwirizana. Onani ngati mawanga a kutsogolo akufanana ndi a kumbuyo. Pemphani chojambula choyambirira chosamaliza, kapena kanema woonetsa mmene ankajambulira, chifukwa mapulogalamu monga ibisPaint ndi Procreate amasunga okha kanema wotere. Ikani chithunzicho pa Google Lens kapena TinEye muone ngati chinatulukapo kwina ndi dzina lina. Wojambula weniweni sakhumudwa ndi mafunso amenewa. Amene akukwiya nawo kapena kukufulumizitsani kuti wina atenga, musiyeni.

Wogulitsa akakuuzani kuti mulipire kudzera pa njira ya PayPal ya Friends and Family, kanani. Njira imeneyo ndi yotumizirana ndalama pachibale, ndipo ilibe chitetezo cha wogula. Akathawa nazo, zapita. Chimodzimodzi amene akufuna makadi a mphatso kapena ndalama za crypto, chifukwa zimenezo zikachoka sizibwerera.

Chenjeraninso ndi mazira. Ena amagulitsa chithunzi cha dzira kapena bokosi lotseka, n'kunena kuti m'kati mungatuluke cholengedwa chosowa. Mwana amalipira osaona, chikatuluka chofala amalipiranso, n'kulipiranso. Imeneyo ndi juga, ngakhale yavala ubweya wokongola. Kusowa kwa nyanga kapena mapiko amenewo si kwachilengedwe. Ndi munthu mmodzi amene anangolemba kuti n'zosowa, ndipo mawa akhoza kusintha maganizo, kugulitsa mtundu wonse kwa wina, kapena kutseka gulu n'kuzimiririka. Amene anawononga ndalama za fizi pogula zilolezo amatsala ndi kaundula wopanda mwini. Musaike m'malonda amenewa ndalama imene ikatayika mudzalira.

CHIMENE CHILI CHAKO NDI CHIMENE SI CHAKO

Apa ndi pamene ana ambiri akuopsezedwa. Mwana amajambula galu wa nyanga ndi mchira wa nsomba, ndiye kumabwera uthenga wa munthu amene akuti mtunduwo ndi wake, alipire kapena amusumira. Mwana amachita mantha n'kulipira, kapena kufufuta zonse.

Lamulo la umwini wa ntchito zaluso limateteza chojambula chenichenicho, mizere yake, kaikidwe ka utoto wake ndi mawu amene munthu walemba. Lingaliro lokha silikhala ndi mwini. Palibe amene angatseke nyanga, mamba, mapiko kapena mchira wowala kuti anthu onse padziko asazijambule. Malamulo a mtundu wotseka ndi pangano la gulu. Eni gulu ali ndi ufulu wokuchotsa ndi kukana kulemba cholengedwa chako m'kaundula wawo, koma zimenezo n'zosiyana ndi mlandu wa kukhoti. Taonani ngakhale makampani akuluakulu. Anthu atalankhula kwambiri kuti zolengedwa za m'masewera a Palworld zikufanana ndi za Pokémon, Nintendo ndi The Pokémon Company anakasumira eni Palworld ku Tokyo mu Seputembala 2024, koma mlandu wake unali wa ma patent okhudza kaseweredwe, osati wa maonekedwe a zolengedwazo. Choncho wina akakuopsezani ndi khoti pa uthenga wapambali, akufuna ndalama lero lomwe, musalipire. Sungani uthengawo, muonetse munthu wamkulu.

Koma mpeni umenewu ndi wakuthwa konsekonse. Kukopera chojambula cha mnzako, kugwiritsa ntchito dzina la mtundu wake kuti ugulitse zako, kapena kumanga mtundu wako pa chithunzi chimene unangochitola, ndi kuba, ndipo kumakupeza m'tsogolo. Nkhani ya SCP-173 ikhale phunziro. Cholengedwa choopsa chimenechi chinalembedwa mu 2007 n'kutchuka padziko lonse, koma chithunzi chake chinali cha chiboliboli cha mmisiri wa ku Japan, Izumi Kato, chimene chinatengedwa iye asanapemphedwe. Patapita zaka zonsezo, mu 2022 chithunzicho chinachotsedwa, ndipo cholengedwa chodziwika choterocho chinatsala chopanda nkhope imene anthu anachidziwira. Maziko obwereka sasenza nyumba.

Chojambula chako chenicheni ndi chotetezedwa kuyambira pamene wachimaliza, popanda kukachilembetsa kulikonse. Umu ndi mmene Pangano la Berne la mu 1886 limayendera, ndipo Malawi analowamo mu 1991, America mu 1989. Ku Malawi kuli lamulo la Copyright Act la mu 2016 ndi bungwe la COSOMA loyang'anira zimenezi. Vuto ndi umboni. Sunga makope ako, mafayilo oyambirira okhala ndi ma layer ake, ndi masiku amene unajambula. Ndipo pogulitsa lemba momveka chimene wogula walandira: kodi angachigulitsenso, angachisinthe, angachidinde pa malaya ogulitsa? Zikapanda kulembedwa, mudzakangana.

Mbava za zojambula zilibe manyazi. Wojambula wa ku Canada, Qing Han, amene ankadziwika kuti Qinni, anamwalira mu Febuluwale 2020, ndipo chaka chotsatira anthu anapeza zojambula zake zikugulitsidwa ngati NFT, zizindikiro za umwini za pa intaneti, ndi anthu amene analibe nazo gawo. Amene sanaope maliro sadzaopa mwana wanu. Ndiye munthu akakulemberani kuti akufuna kugula zojambula zanu ngati NFT pa mtengo wodabwitsa, koma muyambe mwalipira kandalama kolembetsera pa tsamba limene iye wakupatsani, dziwani kuti kandalama kameneko ndi kamene wadzera.

Za AI nazonso musazitenge mopepuka. Mu Novembala 2022 DeviantArt inatulutsa makina ake otulutsa zithunzi otchedwa DreamUp, ojambula n'kukwiya poona kuti ntchito zawo zinali zotsegukira makina pokhapokha mwini atakana yekha, mpaka kampaniyo inasintha. Mu Januwale 2023 ojambula atatu, Sarah Andersen, Kelly McKernan ndi Karla Ortiz, anasumira makampani a Stability AI, Midjourney ndi DeviantArt ku America pa nkhani yomweyi. Mwezi wotsatira ofesi yoona za umwini wa zaluso ku America inagamula kuti zithunzi za m'buku la Zarya of the Dawn, zimene zinatulutsidwa ndi Midjourney, sizingatetezedwe. Tanthauzo lake kwa wogula n'lakuti akhoza kulipira madola ambiri pa chithunzi chimene wogulitsayo alibe nacho umwini woti angapatse munthu. Kwa wojambula, werengani malamulo a tsamba musanaikepo ntchito yanu, ndipo dziwani kuti ku University of Chicago anapanga pulogalamu yaulere yotchedwa Glaze yosokoneza makina ofuna kuphunzira kajambulidwe kanu.

MAFAYILO NDI MALINKI

Wina amadzionetsa ngati kasitomala, n'kutumiza fayilo kuti ndi zitsanzo za chimene akufuna. Wina amati wapanga masewera a pa kompyuta, mumuyesereko. Wina amati wakunenezani molakwitsa kwa oyang'anira tsamba, ndipo akaunti yanu itsekedwa mukapanda kulankhula ndi "wogwira ntchito" amene iye akulozerani. Onsewa akufuna chimodzi: kulowa mu akaunti yanu. Akalowa amasintha mawu achinsinsi, n'kuyamba kulembera anzanu m'dzina lanu, kuwagulitsa zabodza ndi kuwatumizira msampha womwewo. Dzina limene munamanga zaka zitatu limagwa usiku umodzi.

Zitsanzo za chojambula zimabwera ngati chithunzi chooneka pomwepo. Fayilo yofuna kuti muitsegule ngati pulogalamu, kapena yomangidwa m'thumba lokhala ndi mawu achinsinsi, musaikhudze, ngakhale itachokera kwa mnzanu, chifukwa mwina akaunti yake yalandidwa kale. Nambala imene imabwera pa foni polowa mu akaunti musapatse munthu aliyense. Ndipo musasunge ntchito yanu yonse pa tsamba limodzi. Mu Ogasiti 2024 adiresi ya Fur Affinity inalandidwa ndi achiwembu kwa masiku angapo. Tsamba lingagwe, koma kope lili m'kabati ndi memori khadi yosungidwa bwino zimatsala.

CHOOPSA KUPOSA ZONSE

Ndalama zikatayika zimapezekanso. Mwana akavulazidwa, chilonda chake chimatenga zaka. M'magulu amenewa ana a zaka 13 amacheza ndi akuluakulu a zaka 30 kapena 40, onse atabisala kuseri kwa nkhope za zinyama zokongola. Ambiri mwa akuluakuluwo ndi anthu abwino okonda luso. Koma wolusa amadziwa kuti kumeneko ndi kumene kuli ana, ndipo amadziwa chimene mwana wojambula amachilakalaka: munthu womuuza kuti ali ndi luso.

Amayamba ndi mphatso. Amamupatsa cholengedwa chosowa kwaulere, kapena kumulipirira chilolezo chimene sakanakwanitsa. Amamuyamikira tsiku ndi tsiku. Kenako amati tiyeni tipeke nthano limodzi, chako ndi changa zikhale pa ubwenzi. Amamuchotsa pagulu n'kupita naye kokambirana awiri. Nthano ija imayamba kulowa zogonana pang'onopang'ono. Amamupempha kuti ajambule zolengedwazo zili maliseche, ati ndi luso chabe. Kenako amafuna kudziwa zaka zake, sukulu yake, ndi chithunzi chake chenicheni. Mwana akakana, amamukumbutsa mphatso zija. Akatumiza, chithunzicho chimasanduka chingwe: tumiza china, kapena tumiza ndalama, apo ayi ndionetsa makolo ako ndi anzako onse.

Makolo, zizindikiro zake ndi izi. Mwana akubisa sikirini mukalowa. Akudzuka pakati pa usiku kukayankha munthu wa dziko lina. Ali ndi mphatso za pa intaneti zimene simukudziwa kumene zachokera. Wayamba kupempha ndalama mosanena chifukwa, kapena wasiya mwadzidzidzi kujambula kumene ankakukonda. Mukaona zimenezi musayambe ndi ndodo kapena kulanda foni. Wolusayo anamuuza kale kuti makolo ako akadziwa adzakumenya, ndipo mukatero mwamutsimikizira mawu ake. Mufunseni modekha, mumuuze kuti wolakwa si iye.

Ndipo iwe mwana amene ukuwerenga izi uli kale m'chingwe chotere, imva. Usatumize china chilichonse, usalipire, chifukwa wolipidwa kamodzi amabweranso. Usafufute mauthenga, ndiwo umboni. Uza munthu wamkulu amene umamukhulupirira lero. Nambala ya 116 ndi yaulere yothandiza ana ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique, ku Zimbabwe ndi ku South Africa, ndipo ku Britain kuli Childline pa 0800 1111. Kulinso chithandizo chaulere chotchedwa Take It Down, cha bungwe la NCMEC la ku America, chothandiza kuti zithunzi zamaliseche za ana zichotsedwe pa masamba amene amagwirizana nalo. Mphatso imene anakupatsa si ngongole. Ulibe naye mangawa.

ZA KUDAMBWE SI ZAMALONDA

Chenjezo ili ndi la ife eni chilankhulochi makamaka. Wojambula wakwathu akafika m'magulu amenewa amaona kuti chachilendo ndicho chimayenda malonda, ndipo maganizo amathamangira ku Gule Wamkulu. Wina wakunja angakulimbikitseni kuti mutenge Kasiyamaliro, Njovu kapena Chadzunda, muwaike ubweya wa mitundumitundu, muwasandutse mtundu wotseka wogulitsa pa okushoni. Musachite zimenezo. Zilombo zimenezi zili ndi eni ake amoyo ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique. Zimatuluka pa maliro, pa chinamwali ndi polonga mfumu, ndipo mu 2005 UNESCO inalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Kaya inu mumapemphera kuti, kaya munalowa kapena simunalowe, mulibe mphamvu youza mlendo kuti "ichi n'chako tsopano" pa chinthu cha mudzi wonse. Lamulo la Malawi nalonso limaika zaluso za makolo m'manja mwa Boma m'malo mwa anthu onse. Ku America ndi ku Canada anthu a mitundu ya Algonquian akhala akudandaula poona wendigo wa m'zikhulupiriro zawo akusandutsidwa chidole cha ojambula. Tisachitire agogo athu zimene ena akulira nazo.

Zopekera zilipo zambirimbiri zopanda mwini. Kuli mbuna za m'nyanja ya Malawi za mawanga osawerengeka, kuli nanzikambe, kuli ngumbi zotuluka m'chulu, kuli nkungu zofuka pamwamba pa nyanja ngati utsi, kuli mikungudza ya pa Mulanje. Amene wayang'anitsitsa zimenezi sadzasowa cholengedwa choti ajambule.

CHITANI IZI LERO

1. Chojambula chilichonse choika pagulu chikhale chaching'ono, dzina lanu litadindidwa mopingasa pathupi pa cholengedwacho, osati pakona pamene angadule.

2. Fayilo yaikulu musatumize mpaka mutaona ndi maso anu ndalama mu akaunti yanu.

3. Lembani malamulo anu a malonda, afupi ndi omveka, ndipo wogula avomereze molemba asanalipire.

4. Tsegulani njira yotsimikizira kawiri pa akaunti iliyonse, ndipo tsamba lililonse likhale ndi mawu achinsinsi akeake.

5. Dzina lenileni, sukulu, dera limene mumakhala, nambala ya foni ndi nkhope yanu zisapite kwa munthu wa m'gulu, ngakhale mwacheza naye chaka chathunthu.

6. Amene mukuyambitsa mtundu wanu, musagulitse zilolezo zambiri kuposa zimene mungazisamale, lembani poyera zimene zidzachitike mukadzasiya, ndipo ngati m'gulu mwanu muli ana, zaakuluakulu zisalowemo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

7. Mukaberedwa chojambula, jambulani umboni wa tsambalo ndi tsiku lake, kenako tumizani dandaulo kwa eni tsamba. Masamba a ku America amalandira madandaulo otere pansi pa lamulo la DMCA la mu 1998. Dandaulolo limafuna dzina ndi adiresi, ndipo zingafike kwa wakubayo, choncho la mwana alembe ndi munthu wamkulu.

8. Mukaberedwa ndalama, dziwitsani banki kapena kampani yolipirira tsiku lomwelo, ndipo kanenani kupolisi. Ku Malawi chinyengo cha pa intaneti ndi mlandu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016. Wina akabwera kuti akuthandizani kubweza ndalamazo mukamulipira, ameneyo ndi mbava yachiwiri.

Uthengawu musausunge nokha. Uwerengeni kunyumba, kusukulu, kutchalitchi ndi kumzikiti, ndipo muutumize kwa abale amene ana awo ali ku Johannesburg, ku Harare kapena ku London, chifukwa msampha umenewu sudziwa malire a dziko.

Mwana wa mlongo wanga uja anayambiranso kujambula. Tinatumiza dandaulo, titaphatikiza zithunzi za masamba a kope lake la masamu, ndipo zojambula zobedwazo zinachotsedwa. Kope limene aphunzitsi akanamukalipira nalo ndi limene linamuchitira umboni. Tsiku lina anandionetsa Nyalimchira watsopano, wokalamba, nyali yake yofiira, dzina lake litadindidwa kudutsa pamamba onse.

"Amalume, pali wina akufuna kugula. Ndamuuza kuti adikire, ndifunse kaye kunyumba."

Mawu amenewo ndi amene ndikufuna mwana wanu adziwe kunena, ndipo adzawanena pokhapokha akadziwa kuti kunyumbako kuli munthu amene adzayang'ana chojambula chake ndi kumumvetsera. Pitani mukamupemphe akuonetseni zimene wajambula.